Woliza Gitala Aphunzire Kuyankha, Aleke Kulongolola

Alipo ena amene, poona mutu wa nkhani ino, adzapukusa mitu nadzati nyuzipepala yasowa cholemba. Pakuti m'masiku ano, pamene mtengo wa ufa uli pakamwa pa munthu aliyense, ndipo anyamata otsiriza sukulu angoyendayenda m'misewu ya Bauleni manja ali m'thumba, munthu wa nzeru zake angakhale bwanji pansi n'kulemba za timawu titatu kapena tinayi timene woliza gitala aponya pakati pa khodi lina ndi linzake? Ine sinditsutsa kuti njala ndi ulova ndizo nkhani zazikulu. Koma popeza nyimbo ndiyo itilandira paubatizo, nitisangalatsa paukwati, nitiperekeza kumanda a m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, sindichiyesa chinthu chopepuka kuti luso loiperekeza bwino likutha pakati pathu, ndipo likutha mosaonekera, kuyambira pa tinthu tating'ono timene palibe aganiza zotilira maliro. Chimene ndifuna kunena ndi ichi: woliza gitala yoperekeza, imene oimba aitcha rizimu, ntchito yake siithera pa kusunga kugunda kwa nyimbo ayi, ayenera kudziwanso kuyankha woimba pamene woimbayo wapuma, ndipo amuyankhe mwachidule, pa nthawi yake, ndiponso m'chinenero chake.

Kuti amene sanagwirepo gitala asatsalire m'mbuyo, ndiyambe ndalongosola pamene pagona nkhani. Nyimbo zathu zambiri, kaya ndi za kalindula, za rumba kapena za kwaya, ziyenda pa makhodi atatu okha, amene a kwaya ophunzira solofa awadziwa kuti do, fa ndi so, ndipo oliza gitala m'kiyi ya C awatchula C, F ndi G; makhodi amenewa azungulira, kubwerera pamene anayambira, kufikira nyimbo itatha. Tsono woimba ndi pakamwa, pokhala munthu wa mapapo, sangatulutse mawu kosalekeza. Akatsiriza mzere umodzi akoka mpweya, ndipo pakati pa mzere umene watha ndi umene ukudza patsala kampata ka kugunda kumodzi kapena kuwiri, kamene kawirikawiri kagwera pomwe khodi lina likupereka malo kwa linzake. M'kampata kameneko dzanja lodziwa lileka pang'ono kukwapula nsambo zonse pamodzi, nilikodola timawu towerengeka totsogolera khutu ku khodi lotsatira, kenaka nilibwerera ku ntchito yake osataya kugunda. Timawu timeneti nditi mayankho, pakuti ndiyo ntchito yake.

Mukayenda Lamulungu m'mawa kuchokera kumsewu waukulu kulowa m'kati mwa komboni, mudzamva nyimbo zikutuluka m'mazenera a matchalitchi aakulu ndi aang'ono, ena a njerwa, ena a malata, ena obwereka kalasi ya sukulu. Ndipo mukatchera khutu kwa anyamata a magitala, mudzapeza kuti ambiri a iwo agawika pawiri. Oyamba ndi okwapula: agwira khodi ndi dzanja lamanzere, nalimenya ndi lamanja kuyambira ndime yoyamba kufikira Amen, osasintha kanthu, kotero kuti woimba akapuma nyimbo isanduka chiphokoso chopanda nkhani. Achiwiri ndi olongolola: amenewa aphunzira pa foni kuthamangitsa zala, ndipo chimene anaphunzira Lachisanu usiku ayenera kuchionetsa chonse Lamulungu, woimba ali pakati pa mawu kapena ayi, nyimbo ikhale ya chiyamiko kapena ya kulapa. Woyamba alanda nyimbo moyo wake. Wachiwiri alanda mpingo mawu ake. Ndipo ngakhale aoneka osiyana, nthenda yawo ndi imodzi, pakuti onse awiri samvera woimba.

Komatu ife, mwa anthu onse, sitinayenere kudwala nthenda imeneyi, chifukwa mankhwala ake tinakula nawo. Amene analeredwa kwa Katete, ku Chadiza, ku Petauke kapena kutsidya kwa Mchinji akumbukira madzulo a nthano: ambuya akati "Panangokhala," ana onse ayankha "Tili tonse," ndipo yankho limenelo libwerezedwa pa mpumulo uliwonse kufikira nthano itaphera. Mwana woyankha ambuya asanatsirize mawu adzudzulidwa. Wochedwa kuyankha aziziritsa nthano. Wofuna kuyamba nthano yakeyake m'malo moyankha athamangitsidwa kukagona. Ndipo ana onse akangokhala duu, ambuya aleka kusimba, poyesa kuti agona tulo. Gitala yoperekeza ndiyo ana a pabwalo aja. Siinaitanidwe kudzasimba nthano, koma popanda kuvomera kwake wosimba alefuka, ndipo omvera sadziwa pamene ganizo lina lathera ndi pamene lina layambira.

Amene anabweretsa gitala m'nyimbo za dziko lino anachidziwa chimenechi asanamve za sukulu ya nyimbo. M'chaka cha 1952 Hugh Tracey, amene anayendayenda m'maiko a kuno ndi makina ojambulira mawu, anapeza mnyamata wotchedwa Mwenda Jean Bosco mumzinda wa Jadotville ku Katanga, umene lero ndi Likasi, najambula nyimbo yake ya Masanga. Ndipo m'chaka cha 1957 anajambulanso oliza gitala a m'migodi ya ku Copperbelt, mmodzi wa iwo Stephen Tsotsi Kasumali. Anthu amenewa analiza ndi zala ziwiri, chala chachikulu chikuyendetsa nsambo zazikulu ndi chamkombaphala chikukodola zazing'ono, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo pofuna kukweza mawu a gitala anali kumanga pensulo pakhosi pake. Munthu mmodzi anali woimba, woperekeza ndi woyankha nthawi imodzi: aimba mzere ndi pakamwa, gitala niyankha, aimbanso, niyankhanso. Chimodzimodzi ku Malawi, Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anatha kutulutsa besi, rizimu ndi mayankho pa gitala imodzi, kotero kuti womva ali kuseri kwa nyumba akanayesa kuti oliza ndi awiri.

Muno mu Lusaka luso limeneli linali ndi nyumba yake. Wailesi ya Central African Broadcasting Station inali kuulutsa mawu kuchokera mumzinda uno kupita kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo kuyambira mu 1949, pamene kanafika kawailesi ka mtengo wotsika kotchedwa Saucepan Special, mawu a gitala analowa m'makomboni ndi m'midzi momwe. Pa wailesi imeneyo panali Alick Nkhata, amene anayamba wagwira ntchito ndi Tracey, ndipo gulu lake la Lusaka Radio Band linadzatchedwa Big Gold Six; Nkhata anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Lero minibasi zidutsa pa msewu wa dzina lake pafupi ndi Kalingalinga, koma ndi anyamata angati okwera minibasizo, gitala ili pamsana, amene anakhalapo pansi kumvera mmene magitala a gulu lake anali kupatsira mawu ulemu? Kapena amvere A Phiri Anabwera ya Nashil Pichen Kazembe, nyimbo ya m'chinenero chathu yosimba za munthu wobwerera kwawo chimanjamanja atatha zaka kuchilendo. Mawu ake onse amveka, palibe limodzi lokwiririka, ndipo chikhalirecho magitala salekeza kuyenda.

A ku Kinshasa, amene rumba yawo tinavina m'mabala a Matero ndi Chawama, anailemekeza ntchito imeneyi koposa. M'gulu la African Jazz la Joseph Kabasele dziko linatama Docteur Nico chifukwa cha gitala yake yotsogolera, koma oimba anzake anadziwa kuti pansi pake panali mkulu wake Dechaud, amene kuperekeza kwake kunali maziko a zonse. Ndipo magulu a kumeneko anafika poika gitala yachitatu, yotchedwa mi-solo, pakati pa yotsogolera ndi yoperekeza, kuti iziluka timawu m'mipata yosiyidwa ndi ziwiri zinazo. Kwathu kuno, pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iye mwini anali woliza gitala, analamula kuti magawo 95 mwa 100 a nyimbo za pa wailesi akhale a m'dziko muno. Ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula wochokera ku Luapula anadzaza dziko kupyolera mwa Amayenge, Shalawambe, Serenje Kalindula, Masasu, P.K. Chishala ndi ena. M'kalindula besi ndiyo ilankhula kwambiri, nithamanga kukwera ndi kutsika. Chifukwa chake woperekeza wa kalindula anaphunzira mwambo wina wovuta, wakuti mpata ukatengedwa kale ndi besi, iye asalowemo.

Tsono luso limeneli aliphunzira bwanji? Ndinaona madzulo ena, kuseri kwa tchalitchi china muno mu Bauleni kwaya itamwazika, mkulu wina wa imvi, wolondera pa nyumba za ku Woodlands, atakhala pa njerwa ndi gitala ya bokosi yong'aluka pamimba, yomatidwa ndi tepi, ndipo patsogolo pake panali mnyamata wa zaka za kusekondale ndi mayi mmodzi wa kwaya amene anamupempha kuti atsale. Mayiyo anaimba mzere woyamba wa nyimbo ya maliro, ndipo asanatseke pakamwa mnyamata uja anali atakwera kale kukhosi kwa gitala, zala zili piringupiringu. Mkuluyo anagwira nsambo ndi chikhatho, zonse zii. "Iwe mwana, wathamangira kuti? Amayi ako sanatsirize mawu awo." Mnyamatayo anati, "Ambuya, nanga si pa foni amaliza chonchi?" Mkuluyo sanayankhe, anangotenga gitala, nakodola mayiyo ndi chibwano kuti ayambenso. Anakwapula khodi la G mofatsa kufikira liwu lotsiriza litatuluka, ndipo pamene mapewa a mayiyo anakwera pokoka mpweya, chala chake chachikulu, cha chikhadabo chokhuthala ndi chachikasu, chinaponda mawu atatu pa nsambo zazikulu, G, A ndi B, nichifika pa C pa kugunda komwe mayiyo anayambira mzere wachiwiri. Panalibe china. Mayiyo, amene poyamba anali kuimba moyang'ana pansi, anatukula mutu, mawu ake nakula.

Masitepe atatu amenewo, okwera kuchokera ku khodi la so kubwerera ku do, ndiwo yankho loyamba limene wophunzira aliyense ayenera kulidziwa, ndipo akhoza kulitembenuza kuti litsike. Lachiwiri silifuna n'kusuntha dzanja komwe: mutagwira khodi la C, nyamulani chala chapakati pa nsambo yachinayi, muilize yosadina, ndi kuchigwetsanso mwamphamvu pamalo pake, kuti mawu a D alumphire ku E mwa iwo okha, kapena muike kachala kakanise pa mzere wachitatu wa nsambo yachiwiri ndi kukachotsanso. Lachitatu, limene lipatsa rumba kukoma kwake, ndilo kukodola nsambo ziwiri pamodzi, yoyamba ndi yachiwiri kapena yoyamba ndi yachitatu, ndi kuzitsetsereza masitepe awiri kapena atatu kutsika pakhosi, kuti zimveke mawu awiri oimba mogwirizana. Munthu wodziwa mayankho atatu amenewa m'makiyi awiri kapena atatu, nadziwa powaika, aposa wodziwa makumi asanu wosadziwa powaika; ndipo pochita zonsezi dzanja lamanja lisaleke kuyenda m'mwamba ndi pansi, ngakhale pamene silikhudza nsambo, pakuti m'dzanja limenelo ndimo mukhala kugunda kwa nyimbo.

Pa zimene ndaona ndi kumva ndiika malamulo atatu, ndipo loyamba ndi la nthawi. Yankho liyambe woimba atatseka pakamwa, ndipo lithe asanatsegulenso. Koposa zonse, lifike pa khodi latsopano pa kugunda koyamba, losachedwa ngakhale pang'ono. Wovina samva kuti mwalakwitsa liwu limodzi, koma mukachedwetsa kugunda mwendo wake udziwa pomwepo, ndipo amayi a chitenje m'chiuno adzakuyang'anani ndi diso limene simudzaliiwala. Chifukwa chake wophunzira ayambe pang'onopang'ono, phazi likugunda pansi, akuimba yekha mzere ndi pakamwa kuti adziwe pamene mpweya uthera. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo yankho limene simungalilize bwino mwachifatse simudzaliliza bwino mothamanga.

Lachiwiri ndi la kuchepa. Si mpata uliwonse ufuna kudzazidwa. Mlaliki wa m'Malemba anatiphunzitsa kale kuti kukhala chete kuli ndi nyengo yake monga momwe kulankhula kulili nayo. Woimba akatchula dzina la womwalira, kapena akafika pa mawu amene mpingo uyenera kuwameza bwino, yankho loposa onse ndilo kusiya khodi lilire lokha kufikira litazilala. Ndime yoyamba ikhale ndi mayankho owerengeka, kuti anthu amve nkhani. Yachiwiri ndi yachitatu zikhoza kulemererako. Ndipo yankho limodzi lokoma, lobwerezedwa pamalo amodzimodzi m'ndime iliyonse, lisanduka mbali ya nyimbo imene anthu aiyembekeza ndi kuiimba m'mtima, pamene mayankho khumi osiyanasiyana aiwalika onse asanatuluke pakhomo. Akale anati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika, ndipo ndaona anyamata aluso ndithu akuchotsedwa m'magulu, osati chifukwa cholephera kuliza, koma chifukwa cholephera kuleka.

Lachitatu, limene ndilikonda koposa, ndi la chinenero. Chinyanja chathu chili ndi kayendedwe kake: phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto a chiganizo litalika, lotsiriza niligwa mofewa, ndipo mawu a mzere wonse akonda kuyamba pamwamba ndi kutsika polowera kumathero. Nyimbo zathu zitsata kayendedwe kameneka, ndipo yankho labwino la gitala liyenera kukatsatanso. Litenge kachidutswa ka mzere umene wangoimbidwa, mawu ake atatu otsiriza kapena kagundidwe kake, ndi kukabweza kwa woimba kosinthika pang'ono. Timawu ta blues, tokoka nsambo kuti ilire, tinabadwira m'kamwa mwa anthu akuda a ku America, ndipo m'nyimbo zawo tikoma kosaneneka, chifukwa tiyankha kalankhulidwe kawo. Koma kutitenga osasintha n'kutiika pambuyo pa mzere wa Chinyanja kapena Chibemba, ndiko kuyankha funso limene silinafunsidwe. Sindiletsa kubwereka, pakuti gitala yomweyo tinabwereka, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chimene ndikana ndi kubwereka kosamvera.

Ndidziwa kuti alipo onditsutsa, ndipo mawu awo ali ndi kulemera kwake. Ena ati: woperekeza asunge kugunda basi, zokometsera azisiyire wa lidi, woliza gitala yotsogolera, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. M'gulu lalikulu, lokhala ndi magitala atatu, malipenga ndi kiyibodi, mawu amenewa ndi oona ndithu, ndipo ndanena kale za mwambo wa kalindula. Koma magulu otere mu Bauleni ndi angati? Pa mapemphero a m'nyumba, pa maliro usiku amuna ali pamoto panja, pa kwaya ya achinyamata, gitala ikhala imodzi, ndipo woigwira akapanda kuyankha palibe wina woyankha. Ndiponso wa lidi wabwino achokera kuti, ngati si kwa woperekeza amene anaphunzira kumvera? Anyamata a Zamrock, a WITCH, a Musi-O-Tunya, ndi Paul Ngozi amene msewu wa ku Kabwata utchedwa dzina lake, anakonda Jimi Hendrix, ndipo ife tikumbukira phokoso lake. Koma tiiwala kuti Hendrix asanatchuke anatha zaka akuperekeza oimba ena, monga Little Richard ndi Isley Brothers, ndi kuti m'nyimbo yake yofatsa ya Little Wing ya mu 1967 khodi ndi yankho zalukana kotero kuti simungazilekanitse. Momwemonso Steve Cropper wa ku Memphis, amene analemba pamodzi ndi Otis Redding nyimbo ya Dock of the Bay yotuluka mu 1968, anatchuka pa dziko lonse chifukwa cha timawu tochepa toikidwa pamene woimba wapuma.

Ena ati: zonsezi n'zakale, lero nyimbo ipangidwa pa kompyuta m'kachipinda ka situdiyo, ndipo kutchalitchi kiyibodi imodzi iliza ng'oma, besi ndi malipenga mwa kudina batani. Inde, ndipo sindinyoza makina amene apatsa mnyamata wosauka mwayi wojambula nyimbo yake popanda kulipira gulu. Koma ng'oma za m'kiyibodi sizimva kuti woimba watsamwa ndi misozi, kapena kuti mpingo wagwidwa ndi nyimbo ndipo ufuna kubwereza. Ziyenda momwe anazitcherera, woimba nakhala wozitsata. Ndipo chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kanthu: chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi nasowa gawo lalikulu la tsiku m'makomboni onse a Lusaka, makiyibodi ambiri anakhala chete, ndipo mipingo yopanda jenereta inafunafuna gitala ya bokosi imene inali itaponyedwa kuseri kwa kabati. Pamenepo zinaoneka poyera amene adziwa kunyamula nyimbo ndi zala zake, ndi amene anali kubisala m'phokoso la masipika. Za kuti gitala yathu yatha ntchito, afunseni a WITCH, amene nyimbo zawo za m'ma 1970 zinasindikizidwanso kunja, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano cha Zango, nayenda nacho m'maiko a ku Ulaya ndi America.

Enanso ati: aphunzitsi ali pa YouTube, aulere, osatopa, tifuniranji nkhalamba? Mphunzitsi wa pa foni akuonetsani poika chala, ndipo pa chimenecho ayamikike. Koma iye sakumvani, sangagwire nsambo zanu ndi chikhatho pamene mwalowa msanga, ndipo aphunzitsa ali yekha m'chipinda, popanda woimba woti amuyankhe. Luso limene ndikunenali si la zala, ndi la khutu, ndipo khutu liphunzira pakati pa anthu. Ngati foni ili m'manja, igwire ntchito ina yabwino koposa: zojambula za Tracey, zimene zisungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, zambiri zinatulutsidwa pa zimbale ndipo zimveka pa intaneti, pamodzi ndi nyimbo za Nkhata, za Kachamba ndi za kalindula. Mnyamata atenge nyimbo imodzi, aimvere kufikira atadziwa pamene woimba apuma ndi chimene gitala ichita pamenepo, ayambe wachiimba ndi pakamwa, ndipo pambuyo pake achifunefune pa nsambo. Mlungu umodzi wa ntchito yotere upindula koposa miyezi ya kuthamangitsa zala.

Palinso chifukwa china chimene luso limeneli linyozekera, ndicho mtima wofuna kuonekera. Mnyamata aliyense afuna kukhala wa lidi, kuima patsogolo, kuti asungwana amuloze. Kukhala wa rizimu akuyesa chilango cha wosadziwa. Koma mtumwi Paulo, polembera Akorinto za thupi ndi ziwalo zake, anaonetsa kuti ziwalo zimene tiziyesa zofooka ndizo thupi silingakhale popanda izo. Ndipo oimba enieni adziwa kuti gulu likhoza kupirira wa lidi wofooka, koma woperekeza akafooka nyumba yonse igwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zala zothamanga zikondweretsa maso mphindi ziwiri, koma woimba amene waperekezedwa bwino ndiye adzakuitanani kachiwiri, nadzakutchulani kwa anzake pamene afuna woliza paukwati kapena ku situdiyo. Kwa mnyamata wofuna kudya za gitala yake, imeneyi si nkhani ya ulemu wokha; ndi nkhani ya nsima.

Chifukwa chake ndipempha zinthu zitatu kwa amene ali ndi mphamvu yozichita. Kwa inu otsogolera makwaya ndi magulu otamanda: musalole woliza gitala aphunzire nyimbo payekha n'kudzakumana ndi oimba Lamulungu, akhale nawo pa maphunziro, adziwe mawu a nyimbo monga awadziwa oimba, ndipo nthawi zina muzimitse kiyibodi ndi masipika, kuti gitala imodzi ndi mawu amodzi zimvane. Kwa inu akuluakulu amene munaliza m'mabala ndi m'mahotela m'masiku a kalindula, ndipo lero mukhala phee m'nyumba zanu mu Bauleni, Mtendere, George ndi Kanyama: musadikire kuitanidwa ndi kalata, pakuti ana sadziwa chimene muli nacho, pitani kumene aphunzirira, mukhale pambali, ndipo mukawatsine khutu, popeza wakutsina khutu ndi mnansi. Kwa inu aphunzitsi a nyimbo, kuyambira m'masukulu a m'komboni kufikira ku Evelyn Hone College: pamodzi ndi makhodi ndi masikelo a m'mabuku, ikani pa mndandanda wa maphunziro kalizidwe ka zala ziwiri ka ku Copperbelt ndi mayankho a rumba ndi kalindula, ndipo poyesa wophunzira musamuyese ali yekha, mubweretse woimba, ndi kuona ngati adziwa kumudikira.

Ndipo kwa inu anyamata ndi asungwana amene mwasunga ndalama miyezi yambiri kuti mugule gitala yakale pamsika, mawu anga ndi awa. Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo kukwapula kwa mtundu umodzi sikungakufikitseni patali; koma kuchuluka kwa timawu sikudzakufikitsaninso. Sankhani nyimbo imodzi imene amayi anu aikonda, muwapemphe akuimbireni, muwerenge mipata imene apumira, ndipo mwa mipata inayi muyankhe umodzi wokha, ndi mawu osapitirira atatu, ofika pa khodi pa nthawi yake. Akaimba momasuka koposa mmene aimbira popanda inu, mwayamba kukhala woliza gitala. Akasokonezeka kapena akakweza mawu kuti akupambaneni, chotsani liwu limodzi ndi kuyambanso. Muyeso wa woperekeza ndi umenewo, ndipo sudzasintha ngakhale makina asinthe kangati: kodi woimba waimba bwino chifukwa inu munalipo?